Tsiku Limene Anatsegula Kamera ya Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kutsinzina utatsamira khoma kungatchedwe kugona. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse m'nyumba ya siwa, ndipo mawu awo anali atasasa. Bokosi la achimwene anga linali pakati pa chipinda, mlamu wanga, mkazi wawo, atakhala kumutu. Panja amuna anali atagona mozungulira moto. Ndisanatuluke ndinalowa kuchipinda kukaona ngati kamera inali pamene ndinaibisa, pansi pa zovala m'sutikesi. Inalipo.

Achimwene anali mphunzitsi kufupi ndi Nsambe, ndipo ine ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina. Chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo n'chakuti ankajambula thambo. Anali ndi kamera yakale ya galasi lalitali ngati chitoliro, imene anagula kwa mmishonale wina wobwerera kwawo. Anapala okha matabwa awiri otseguka ngati chitseko, okhala ndi chitsulo chopota ndi dzanja pang'onopang'ono, kuti kamera izitsatira nyenyezi pamene zikuyenda. Sankafuna mwezi ayi. Kumpoto, pamwamba pa mapiri, kumaoneka kachifunga kamene maso amakaona movutikira. Iwo anawerenga kuti umenewo ndi mlalang'amba wina, wotalikirana kwambiri ndi wathuwu, wopindika ngati nkhata ya mayi wotunga madzi. Chaka ndi chaka utsi wa moto wa m'tchire unkawatchingira, kapena dzanja linkanjenjemera, nyenyezi n'kutuluka ngati mizere. Chaka chimenecho mvula yoyamba inatsuka thambo, iwo anachezera panja m'chinyezi, ndipo anakhutira kuti tsopano aupeza. Chibayo chinawagwira filimu isanatsukidwe. Kuchipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, kamera ija asatsegule munthu. Muipititse ku Blantyre momwemo, akaitsegulire mumdima."

Kutacha, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi anakoleza moto pamafuwa ambiri, koma nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkatilowa m'maso. Anthu anayamba kutsika m'mapiri m'magulumagulu, ena atanyamula ufa m'mabeseni, ena atamangirira nkhuni panjinga. Aphunzitsi anzawo anafika atavala majekete ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Ndikudutsa pakati pa ophika ndinamva manong'onong'o. Masiku amenewo nkhondo inali itakula kutsidya kwa malire, othawa kwawo akudzaza ku Luwani. Mayi wina, akusankha nyemba zimene banja lathu linapereka, ankauza mnzake kuti munthu wabwinobwino saloza chitoliro kumwamba anzake ali mtulo, ndipo kuti mwina malemuwo ankalankhula ndi a m'tchire. Munthu amene anaphunzitsa ana awo kuwerenga ndiye ankamunenera zimenezo, thupi lake lili m'nyumba.

Dzuwa lili pamutu, bokosi linatulutsidwa pabwalo. Malume athu analankhula m'malo mwa banja, abusa anawerenga mawu. Kenaka anaimirira wapampando wa chipani m'dera lathu, anyamata ake ali kumbuyo. Anapepesa mwachidule, n'kunena kuti maliro sanyamuka mpaka chida chimene malemu ankagwiritsa ntchito usiku chionekere poyera, popeza boma liyenera kudziwa zimene ankajambula pafupi ndi malire.

Ndinaimirira pakati pa amayi, chinthu chimene sichichitika pamaliro. Ndinafotokoza mwaulemu kuti zithunzi sizioneka filimu isanatsukidwe ndi mankhwala, kuti kuwala kukaigwera imafa, ndipo kuti ndinali wokonzeka kupita nawo ku Blantyre kuti akakhale oyamba kuona zimene zili m'menemo.

"Mayi aphunzitsi," anatero wapampandoyo, "pano si m'kalasi. Ngati mulibe choipa, mukuopa chiyani dzuwa la Mulungu?"

Ena anaseka. Malume anandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndikhale pansi. Anali ndi ana pantchito za boma, ndipo ankadziwa kumene mawu otere ankafikitsa anthu. Anatuma mkazi wawo kukafunafuna kamerayo m'chipinda, ndipo sanavutike kuipeza.

Wapampandoyo anaitembenuzatembenuza kamera ija mpaka chitseko chake chakumbuyo chinatseguka. Anasolola filimu yonse ngati akusolola matumbo a nkhuku, n'kuikweza padzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anyamata ake akusuzumira paphewa. Potsiriza analengeza mokweza kuti mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, kotero malemu analibe mlandu, ndipo mwambo upitirire. Khamu linapuma mpweya wa chitonthozo. Mkulu wina wa mpingo anafika pomuthokoza chifukwa choyeretsa dzina la banja. Chimenecho ndicho chimandiwawa kufikira lero: anaononga ntchito ya zaka zambiri pamaso pa onse, ndipo anthu anamuombera m'manja.

Ndinatola filimuyo pafumbi pamene anaitaya, n'kuikulunga m'mpango. Tinayenda kupita kumanda m'kanjira kotsetsereka, amuna akulandirana bokosi, amayi akuimba kumbuyo. Ine sindinaimbe. Mitambo inayamba kusonkhana kumadzulo, ndipo adzukulu anafulumira kukwirira. Wapampando uja anaika nawo maluwa pamanda.

Madzulo anthu anabalalika, mafuwa anazizira, ndipo m'nyumba munangotsala fungo la utsi ndi mikeka yopindidwa. Matabwa a achimwene anali akadali pakhonde, atapenya kumpoto monga anawasiyira. Mlamu wanga anadzakhala pambali panga. Anati amuna awo anamulonjeza kuti chithunzicho chikabwera adzachipachika pabalaza, kuti nayenso aone chimene chinkawachotsa m'nyumba nyengo zonsezo. Anandifunsa ngati anthu a ku Blantyre, pokhala odziwa ntchito, sangathe kuikonza filimuyo.

Sindinanamizepo mwana m'kalasi, ndipo sindikanayamba ndi mayi wamasiye. Ndinamuuza kuti munthu mmodzi yekha ndiye anauona mlalang'ambawo bwinobwino m'mudzi muno, ndipo tamuika lero. Anatenga mpango uja m'manja mwanga, analowa nawo kuchipinda, n'kutseka chitseko.