Jekete ya pansi pa mabuku

Pa ntchito yanga yoyamba ndinanamiza munthu amene anandipezera ntchitoyo. Anali a Chadza, aphunzitsi anga a Sitandade 8 ku Nachisaka. Nditamaliza Fomu 2 ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndikusoka fodya, mpaka iwo analemba kalata kwa mayi Nangozo, eni sitolo ya zovala zakale ndi mabuku pa Chisepo. Kalatayo inali ya mizere itatu. Mzere womaliza unati: "Mwanayu sanama."

Sitoloyo inali shedi yakale ya fodya, yaitali ngati tchalitchi. Belo la zovala tinkatsegula Lachisanu. Tikadula mawaya, chovala chilichonse tinkachipisa m'matumba, kuchisita ndi simbi yamakala, kulemba mtengo pakapepala, kenako kuchipachika pa chingwe. Mathalauza achikazi ndi masiketi aafupi sitinkapachika, chifukwa lamulo la masiku amenewo linkaletsa. "Mufuna mundimangitse?" ankatero mayi Nangozo, n'kuzipereka kwa telala kuti asokemo zovala za ana. Mabuku tinkawakuntha fumbi, kumata zikuto, ndipo lililonse lokayikitsa kuti mwina boma linaliletsa linkalowa m'katoni ya kuseri.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: chotuluka m'belo chipite pa chingwe, wofika msanga ndiye mwini. Kubisira anthu katundu ankadana nako.

Ine ndinabisa. Kalaliki wina wa ku boma la Dowa anandiuza kuti ndikampezera jekete yakuda yabwino, adzanditchula kwa abwana ake pakapezeka malo a mesenjala. Lachisanu lina inatulukadi, yaubweya, ya mabatani atatu, yosang'ambika paliponse. Ndinaipinda n'kuiika pansi penipeni m'katoni ya mabuku a masamu, poti kumeneko anthu sankafikako kawirikawiri.

Cha m'ma 10 koloko a Chadza anatsika pa njinga, mathalauza atamanga ndi luzi m'miyendo. Anati Lamulungu lomwelo awadzoza kukhala mkulu wa mpingo, ndipo jekete yawo inatha m'zigongono. M'thumba anatulutsa chingwe cha mfundo ziwiri chimene akazi awo anayezera, ina ya m'mapewa, ina ya mkono.

"Yakuda ilipo, mwana wanga?"

"Sinabwere, aphunzitsi. Belo la leroli n'la madiresi okhaokha."

Anayendabe chingwe chonse cha zovala, akuyeza jekete zotuwa ndi zamizeremizere. Palibe inawakwana. Kenako anati, "Poti ndabwera kale, ndione mabuku." Apa mpamene ndinakumbukira kuti munthu amene ndaima naye ndi mphunzitsi wa masamu.

Anagwada pa katoni ija, akutulutsa buku limodzilimodzi, kuwerenga chikuto, kuika pambali. Ine ndinali chiimire ndi simbi m'manja, makala akuzima. Atachotsa buku lomaliza, jekete inaonekera. Anaitambasula, n'kuikapo chingwe chawo. Mfundo ya mapewa inagwera pamsoko penipeni. Ya mkono chimodzimodzi.

Mayi Nangozo anali pakhomo akukangana ndi mayi wina za mtengo wa bulangete. Mawu amodzi okha a aphunzitsi akanandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Iwo anaipinda jeketeyo mmene anaipezera, kuibwezera pansi, n'kusanjanso mabuku pamwamba pake.

"Ili ndi mwini wake, eti?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinayang'ana pansi. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Anagula buku limodzi la masamu. Potuluka anauza mayi Nangozo kuti, "Mnyamatayu mumusunge, amasanja bwino katundu."

Lamulungu ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi. A Chadza anaima kutsogolo atavala jekete yobwereka kwa mlamu wawo, mikono ikuthera pamwamba pa wotchi. Ana a kwaya ankagwirana m'nthiti. Kalaliki uja anadzatenga jekete yake Lachiwiri, ndipo za umesenjala sanazitchulenso.

Ndinagwira pa sitolopo zaka ziwiri zina osabisanso ngakhale sokosi. Ku nyuzipepala kumene ndili tsopano anzanga amadabwa kuti sindisungira munthu nkhani m'dirowa, kaya ndi wamkulu bwanji. Sindinawauzepo chifukwa chake.

A Chadza sanaitchulepo nkhaniyi, ndipo ine sindinapepese. Loweruka likubwerali mpingo wa ku Nachisaka ukutsanzikana nawo, akupuma pa ukulu. Ndagula jekete yakuda ya mabatani atatu. Muyeso ndinaufunsa kwa akazi awo, ndipo anditumizira chingwe cha mfundo ziwiri mu envulopu. Basi yopita kumeneko inyamuka 6 koloko m'mawa.