Mayeso Alibe Mbasela

Mpaka lero ndikakumbukira cholembera chofiira cha mphunzitsi uja, mtima umandiwawa.

Chaka chimenecho mwana wanga wamkazi anali giredi seveni, mayeso a boma atayandikira. Ndinkadziwa komwe akathere akalephera: pa benchi langa la matimati mumsika wa Maramba, pambali panga, mpaka imvi. Ndiye ndinamulembetsa maphunziro a masana kwa mphunzitsi wina wa ku Dambwa North, yemwe ankaphunzitsira ana pakhonde pa nyumba yake.

Tsiku lina mwana anafika kumsika maso ali psuu. Funso la mafulakishoni linali lakuti: mayi ali ndi matimati 24, wagulitsa magawo atatu mwa magawo anayi, atsala angati? Iye analemba kuti atatu. Mphunzitsiyo anakhwatcha tsamba lonse, n'kuwerenga yankholo mokweza kuti anzake aseke, ndipo anasekadi.

Ndinamufunsa mmene anawerengera.

"Amayi, ni milu inayi ya sikisi sikisi," anatero akusisima. "Mwagulitsa milu itatu. Aliyense wogula mumupasa mbasela imozi. Pa mulu wosala mwachosapo yatatu. Yasala yatatu."

Ndinaika manja m'chiuno. Mwanayu anagawa bwinobwino, kuposa mmene ine ndikanagawira. Anangowonjezera kaja timaika pamwamba wogula akamanyamuka, kamene amandiona ndikupereka chibadwire chake. Wogulitsa wopanda mbasela pa Maramba amaweruka ndi matimati ake akuwola.

Mawa lake masana ndinasiyira mnzanga benchi, ulendo ku Dambwa North.

"Ba ticha, mwana wanga alakwa pati?"

"Amayi, mu pepala mulibe mbasela," anayankha osadzuka n'komwe pampando. "Ansa ni sikisi. Vamumsika muzisiya kumsika."

"Vamumsika? Si imwe dzulo munaimilila pa benchi yanga, kukana kuchoka mpaka nikuikileni mbasela?"

Ana pakhondepo anabisa nkhope m'makope. Mphunzitsiyo anangoti sindiye amalemba mafunso. Zoona, sindiye. Koma kuseketsa mwana pagulu chifukwa choti amadziwa ntchito ya mayi ake, ameneyo anali iye, ndipo sindinamukhululukire.

Komabe mayeso sakambirana ndi munthu. Madzulo aliwonse tisanatseke benchi, ndinkayala matimati n'kumuyesa ndekha: theka, gawo limodzi mwa atatu, magawo atatu mwa anayi. Dzanja lake likangopita pa mulu wotsala, ndinkalimenya. "Anthu a m'pepala ndi ouma manja," ndinkamuuza, "nawenso uume." Ndinalimenya dzanja limenelo milungu isanu ndi umodzi, mpaka linasiya.

Anakhoza. Ndinalulutira msika wonse unamva.

Patchuthi anabwera kudzandithandiza. Kunafika mayi wina wa ku Malota, amene wakhala akugula kwa ine kuyambira mwanayu ali kumsana. Mwana wanga anawerenga matimati asanu ndi limodzi, n'kumanga pulasitiki msangamsanga. Mayiyo anaimabe akumwetulira, chikhatho chili chotambasula.

"Nanga mbasela, mwananga?"

"Sikisi ni sikisi, amayi."

Kumwetulira kuja kunazima. Ndinatola timati lalikulu kuposa onse n'kumuikira mayiyo m'manja ndekha, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Ndinatembenuka kuti ndimukalipire mwanayo, mawu ali kale pakamwa. Iye anali kundiyang'ana, dzanja lake lamanja atalibisa kumbuyo.