Chala Changa ndi Maungu a Apongozi

Chaka chimene boma linayamba kusamuka ku Zomba kudza kuno, ine ndinali mkamwini m'mudzi wa kuseri kwa kumene lero kuli City Centre. M'mawa ndinkazula zitsa pamalo omanga maofesi, madzulo n'kukalima kwa apongozi. Thako langa silinkadziwa mpando.

Ndiye maungu a apongozi anayamba mwano. Maluwa ankatuluka bwinobwino, kadzungu n'kufika ngati dzira la nkhuku, kenaka n'kufota, n'kuthothoka. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti dzungu laling'ono saliloza ndi chala, limagwa. Nanga wa chala chosamva m'mudzi monsemo anali ndani? Ine, amene ndinkaloza chilichonse, ndi galimoto la bwana lomwe.

Apongozi ndi mkamwini salankhulana maso ndi maso, choncho anatuma mkazi wanga.

"Amayi akuti chaka chamawa akapanda kudya dzungu, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu."

"Mphasa yokha? Nanga inuyo?"

"Ine mchombo wanga uli pano."

Ndinayamba kuyenda manja ali m'thumba ngati kalaliki wa ku Capital Hill, koma maungu ankagwabe. Tsiku lina kuntchito tikugwetsa mthethe wa mphako, njuchi zinatibalalitsa, mlomo wanga n'kutupa ngati chitumbuwa. Ndili paliwiro lomwelo ndinakumbuka kuti m'munda mwa apongozi njuchi zinali zitasiya kulira m'mawa. Zikanakhala pati? Mitengo yake mathirakitala anali atagwetsa yonse.

Ndinasema mng'oma n'kuupachika mumkuyu wa kumalire a munda. Mphukira za msuku ndi chitimbe zopulumuka kuntchito ndinkabwera nazo m'chitini n'kudzazidzala kumundako. M'mphepete mwa munda ndinaleka kupalira: chisoso, luni, denje, zonse ndinazisiya zichite maluwa.

"Amayi akuti kuwonjezera pa chala, mwayambanso ulesi."

"Kawauzeni ndikulimira alendo."

Dzinja lotsatira ndinkazungulira mundawo ngati galu wotayana ndi mbuyake, kusuzumira mng'oma, kusuzumira maluwa. Mwamwayi alendo aja analowa. Ndinkawaona akutuluka m'maluwa a maungu ali mbuu ndi ufa wachikasu. Maungu anagwira, ena kukula ngati mtsuko.

Apongozi anangotumiza dzungu lophika m'mbale yovundikira. Mkazi wanga poikhazika pansi anati, "Akuti mwaonatu? Mutangobisa chala chija, zatheka."

Ndinadya osatsutsa. Mkamwini akapambana mlandu safunsa kuti wapambana bwanji.

Mphasa yanga inakhala. Koma tisanalawe masuku, kunabwera anthu oyeza malo ndi zikhomo zawo, mudzi wonse n'kupinda mphasa, ndi apongozi omwe. Tinasamuka limodzi, mng'oma uli pamutu panga, aliyense akunditalikira.

Lero pamalopo pali mpanda wa njerwa, misuku yanga ikusuzumira pamwamba pake. Ndikamadutsa ndi adzukulu, ndimawasonyeza ndi mlomo.