Anameta Maliro Anga Ndili pa Chiwongolero

Ndinaganiza zopita ku Sozibele tsiku limene Esinati, mkazi wanga, anabwereka nsalu kwa mng'ono wake kuti avale pa ubatizo wa mwana wathu Enelesi. Ndinali mkamwini kwawo ku Dedza, wopanda ngakhale mbuzi yoloza. Palibe amene ananditonza, koma manyazi anandigwira tsiku lonse. Titaweruka kutchalitchi ndinamuuza kuti ndikupita, zaka ziwiri zokha. Iye sanakane. Anangoti, "Muzikalemba kalata." Chinali chaka chomwe azungu a ku Rodeshiya anadzipatula kwa Angelezi n'kuyamba kudzilamulira okha.

Lero mutu wayera ndili ku Mufakose konkuno, komboni ya mumzinda womwewo wa Sozibele. Tikakumana pakhonde ife madalaivala opuma, nkhani yathu ndi imodzimodzi, malole akale. Timaseka a masiku anowa, amene akangotsokomola pang'ono amafuna munthu wa kompyuta. Ine ndikayamba za Ntchembere anzanga amadziwiratu kuti tiyi azizira.

Ntchembere linali dzina la lole imene ndinapatsidwa nditapeza laisensi, pakampani ina yonyamula feteleza ndi fodya. Inali yaitali mphuno, injini kutsogolo kutali, dalaivala kumbuyo kwake. Chiwongolero chake chinkafuna mapewa, giya sinkalowa usanaponde kalachi kawiri, ndipo batire ikafooka tinkailiza ndi handulo. Pachitunda munthu wanjinga ankatha kutipitirira. Koma kundisiya panjira, ayi. Mayiko akunja atakana kugulitsa masipeya ku Rodeshiya, a Zuze, makaniko wathu wochokera ku Tete, ankasula okha zitsulo, gasiketi n'kudula pa chikopa chakale. Ankati injini ngati imeneyi ili ngati bulu, imangofuna madzi ndi munthu woidziwa. M'mawa uliwonse ndinkaizungulira ndisanakwere, kuona oyilo, kugogoda matayala, kumvetsera kulira kwake. Sindinajombe ngakhale tsiku limodzi.

Kalata ndinkalemba, zaka zoyambazo. Koma ife matchona tinali ndi lamulo lathu losalembedwa: kalata yopanda ndalama situmizidwa. Tinkadziwa kuti kumudzi kalata imawerengedwa pagulu, ndipo mphunzitsi akamang'amba envelopu maso onse amakhala pansi, kuona ngati pagwa kanthu. Kutumiza pepala lokha kunali kudzivula. Choncho mwezi ukavuta, ndinkangokhala chete kudikira wina.

Zaka ziwiri zija zinasanduka khumi, ndipo kwathu ndinangopitako kawiri patchuthi. Kenako nkhondo inakula, msewu wa ku Tete unatsekedwa, kutumiza ndalama kukhala kovuta. Ndisaname kuti vuto linali msewu wokha. Malipiro ankathera lendi ndi chakudya, otsalawo ku holo ya mowa, chifukwa Lamlungu la ku Mufakose linali lalitali kwa munthu wokhala yekha m'kachipinda ka kuseri. Ndinkamusowa Esinati kwambiri. Ndinkaphika ndiwo zoti zikanakwana anthu atatu, n'kudya ndekha nditaimirira.

Masiku amenewo misewu yafumbi ya kumapulazi inali ndi mabomba okwirira. A Zuze anatiphunzitsa kuthira madzi m'matayala ndi kuyala matumba a mchenga pansi pa mpando ndi pamapazi, kuti bomba likaphulika mphamvu yake ichepe. Ntchembere inalemera, n'kumayenda ngati ikuganiza kaye.

M'mawa wina, ndikupita ndi feteleza cha ku Mutoko, tayala lakutsogolo lakumanzere linaponda bomba. Sindinamve phokoso. Ndinangoona fumbi, kenako thambo. Tayalalo analipeza m'munda wa chimanga, boneti itapindika ngati chitini. Ine ndinathyoka mwendo, khutu limodzi linagontha, basi. Mphuno yaitali ija ndiyo inalandira zonse. Ikanakhala lole ya masiku ano, imene dalaivala amakhala pamwamba pa tayala, bwenzi nkhaniyi akusimba ena.

A Zuze atabwera kudzandizonda kuchipatala ndinawafunsa ngati Ntchembere yatha. Anaseka, n'kuyankha m'Chishona chawo chosakaniza: "Iyo haifi, achimwene. Siifa imeneyo. Inu chirani, mudzaipeza ikulira." Sananame. Patatha miyezi iwiri ndinali pa chiwongolero chomwecho.

Ndili m'chipatala muja ndinalemba kalata yaitali kwa Esinati, kumuuza zonse. Koma ndinalibe choikamo. Ndinaipinda bwinobwino, ndipo nditabwerera kuntchito ndinaisunga m'kabokosi ka zida pansi pa mpando, kudikira kutha kwa mwezi. Inakhala mmenemo zaka zinayi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti Bizaliyele, munthu wa m'mudzi wa Esinati amene ankagwira ntchito papulazi ya kufupi ndi pamalo paja, anaiona lole ikukokedwa. Ankaidziwa bwino, poti ndinkamukweza kawirikawiri. Ataona mmene inalili sanafunsenso zambiri. Mwezi womwewo iye anali kubwerera kwathu kudzera ku Zambia, ndipo anapita nawo uthenga woti ndafa.

Nkhondo itatha ndinakwera basi yopita kwathu, nditanyamula makina osokera ndi nsalu zisanu ndi imodzi. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mayi wina amene ndinamupatsa moni pachitsime anaponya ndowa n'kuthawa akukuwa. Ine ndinaganiza kuti ndi suti yanga.

A Filipo, amalume ake a Esinati amenenso anali ankhoswe athu, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigwira dzanja ngati akufuna kutsimikiza.

"Akamwini, ife tinakulirani," anatero. "Tinadikira chaka chathunthu kuti mwina kubwera kalata yotsutsa. Kunali zii. Abale anu anabwera, tinameta, Esinati tinamumasula. Pano ali pabanja ndi mmisiri wa matabwa, ana awiri."

Enelesi, namwali tsopano, anabwera kudzagwada n'kundipatsa moni wa alendo. Pambuyo pake panabwera Esinati, nakhala pamphasa chapatali. Sanalire. Ine posowa poyambira ndinayamba nkhani yokhayo imene ndinkaidziwa kuikamba: za madzi m'matayala, za matumba a mchenga, za mphuno yaitali imene inandipulumutsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye loleyo inachira?" anafunsa.

"Inachira. Miyezi iwiri yokha."

"Inu munathyoka dzanja?"

"Ayi, mwendo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana manja anga. Ndinamvetsa funsolo, ndipo ndinayesa kudziteteza. Ndinati kalata ndinalemba, koma ndinalibe choikamo, ndipo iye akudziwa mmene anthu akanandisekera.

"Bambo a Enelesi," anatero mofatsa, "tsiku lija ine sindinati muzikatumiza ndalama. Ndinati muzikalemba kalata. Mphunzitsi akamang'amba envelopu, ena ndi amene ankayang'ana pansi. Ine ndinkayang'ana pakamwa pake."

Mtima unandipweteka kuposa tsiku la bomba lija, ndipo panalibe woti ndimukwiyire. Bizaliyele ananena zimene anaona, a Filipo anachita za mwambo, Esinati anadikira koposa mmene ndikanadikirira ine.

Makina ndi nsalu ndinasiyira Enelesi, ndipo sabata yomweyo ndinabwerera ku Mufakose. Lolemba m'mawa ndinaizungulira Ntchembere monga mwa masiku onse, oyilo, madzi, matayala. Kenako ndinatsegula kabokosi ka pansi pa mpando. Kalata ija inali momwemo pakati pa masipanala, yothimbirira ndi girisi, koma mawu onse akuwerengeka. Mzere woyamba unali wakuti, "Usadandaule ukamva za ngozi, ine ndili moyo."