Kagetsi Kofiira ka Ba Chilufya

"Ba Enos, ndimwe makanika bwanji? Basi yanga yapsa!" anakalipa Ba Mwango, mwini wa minibasi, pa siteshoni ya Matero.

Ba Chilufya, dalaivala wa minibasiyo zaka khumi, anangoyang'ana pansi. Munthu uja wodzitama m'mabala monse kuti amayendetsa ngati wa ndege! Komatu wa ndege akaona chenjezo la moto amazimitsa injini. Iwo kagetsi kofiira kochenjeza za injini katawavutitsa sabata yonse, anakamata ndi sitika ya tchalitchi n'kumanyamulabe anthu, mpaka injini inayaka pa Kamwala.

Ba Enos, mnzawo wa paubwana, anawatembenukira.

"Chilufya, sinizayenda ku polisi pa mulandu wako. Bauze wekha vamene unachita!"