Sasuta, Adokotala

Ndinanama, inde, ndipo ndinanama nditavala yunifomu ya amayi a kumpingo.

Chinali chaka chachiwiri cha makuponi a feteleza. Ndinaperekeza amuna anga, bambo a Tiyamike, kuchipatala ku boma, poti mutu unali utayamba kuwasokonekera, akumva mawu a anthu osaoneka. Adokotala, polemba mankhwala, anafunsa kuti, "Kodi bambowa amasuta?" Chitseko chinali chotsegula, ndipo pabenchi panjapo panali amayi busa athu, atatchera khutu.

"Sasuta," ndinatero ine, chikhalirecho chingambwe chili m'thumba mwa bambowo, fungo lili guu m'chipinda monse.

Ndikanadziwa bwanji kuti utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kugaya mankhwala amenewo, moti wosuta amafunika mlingo wina? Mapiritsi ankamwa ndithu, koma sankagwira ntchito. Tsiku logawa makuponi kwathu ku Wimbe, bambo anakwera pachulu n'kuyamba kukangana ndi malemu amalume awo, mudzi wonse ukuonerera.

Titabwerera kuchipatala ndinaulula. Adokotala anandifotokozera za chiwindicho, anasintha mlingo, n'kutiuza kuti bambo akadzafuna kusiya fodya tidzayambe tabwera kaye. Kenaka anati, "Nanga mayi, bodza lija linali lachiyani?"

"Inunso mukanatseka chitseko," ndinawayankha.

Manyazi ndili nawo, koma si onse ali anga. Masiku ano amayi busa akandifunsa ngati bambo akusutabe, ndimayankha mokweza kuti, "Eya, akusuta. Fodya wake ndi yemwe uja anagula malata a tchalitchi."