Njere ya Malambe M'mphuno

Dzulo pa depoti ya Balaka ndinagula fulizesi wa malambe. Nditangomva fungo lake lowawasa lija, mphuno yanga yakumanzere inayamba kuyabwa yokha.

Ndinali kamtsikana, kwathu ku Utale. Tsiku lina kunabwera alendo odzafunsira mbeta achemwali anga, ndiye amayi anandipatsa malambe kuti ndikakhale phee kuseri kwa nyumba. Nditamung'unya njere imodzi mpaka kuyera, ndinailowetsa m'mphuno kungofuna kuona ngati ingakwane. Inakwanadi. Poikolowola ndi kamtengo ndinangoikankhira mkati, magazi n'kuyamba kudonthera pa diresi langa la kutchalitchi.

Ndinathamangira pakhonde pomwe panali alendowo, ndikulira.

"Mwana iwe, wagwa?" anafunsa amayi.

"Iyayi. Muli njere."

Azakhali anga sanataye nthawi. Anamasula kabotolo ka fodya wamphuno pansonga ya chitenje chawo n'kundinunkhitsa. Ndinayetsemula mwamphamvu, njere ija n'kuuluka kukagwera chubwi m'kapu ya amalume ake a mnyamata wofunsira mbetayo.

Achemwali anali atagwada pomwepo, ketulo ili m'manja, nkhope atazolika.

"Tiyi wakwana, mayi," anatero bambowo chapansipansi, akukankhira kapuyo patali.